Mwavulala pantchito koma wolakwa si abwana anu: mungasumire ndani?

[Pa sikirini: malo omangapo nyumba yosanja, amisiri ali pa katawala, lole ikubwerera chambuyo]

Moni nonse amene mukutionera. Munthu akavulala pantchito, chimene ambiri amadziwa ndi chipukuta misozi cha ogwira ntchito, chija chimachokera ku inshuwalansi ya abwana kapena ku thumba la boma. Akachilandira amati nkhani yatha. Chonsecho nthawi zina pamakhala mlandu wachiwiri, wosumira munthu kapena kampani ina imene inachititsa ngoziyo, ndipo kawirikawiri ndalama zochuluka zimakhala kumeneko.

Malamulo a chipukuta misozi cha ogwira ntchito anayambira ku Germany mu 1884, nthawi ya Otto von Bismarck. Britain inakhazikitsa lake mu 1897, ndipo ku America chigawo cha Wisconsin chinatero mu 1911. M'maiko ngati America ndi South Africa, lamuloli ndi msinthano. Wantchito amathandizidwa popanda kusonyeza kuti abwana analakwa, ngakhale zitakhala kuti iye mwini ndiye anaphonyetsa, koma amataya ufulu wotengera abwanawo kukhoti. Ku Britain n'kosiyana, kumeneko abwana osasamala amasumiridwa.

Vuto la msinthanowu ndi kuchepa kwa zimene mumalandira. Amakulipirirani kuchipatala, n'kukupatsani gawo chabe la malipiro anu: m'zigawo zambiri za America ndi magawo awiri mwa atatu, ku South Africa ndi 75 peresenti, ndipo konseko pali malire amene sapitirira. Za ululu umene mwamva, tulo timene simukugona, mwana amene simungathenso kumunyamula, palibe chimene amakupatsani. Zimenezi zimalipidwa pa mlandu wachiwiri uja basi.

Ndipo lamulo silikuletsani kutsata zonse ziwiri. Ku South Africa, ndime 35 ya lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la 1993, lotchedwa COIDA, imaletsa kusumira abwana, koma ndime 36 yotsatirayo imalola wovulala kulandira chipukuta misozi ndi kusumiranso wina wakunja amene anamuvulaza.

[Pa sikirini: Wakunjayo ndi ndani?]

Wodziwikiratu ndi dalaivala wa galimoto ina amene wakugundani muli pa ulendo wa kuntchito. Winanso ndi mwini malo amene munatumidwa kukagwirako ntchito, ngati anasiya masitepe othyoka kapena waya wamagetsi ali pamtunda. Pamalo omanga pamakhala makampani angapo nthawi imodzi, wina wamanga katawala, wina akuyendetsa kireni, wina akukoka mawaya. Ngati katawala wagwa nanu chifukwa kampani imene inamumanga sinamange bwino mabawuti, kampaniyo si abwana anu, ndiye ingasumiridwe. Koma mnzanu wolembedwa ndi abwana omwewo nthawi zambiri amatetezedwa pamodzi ndi abwanawo.

Tikhalitseko pang'ono pa makina, poti apa m'pamene milandu imakula. Makina angakhale olakwika m'njira zitatu. Mwina anawalinganiza molakwika kuyambira pa pulani, monga makina odindira zitsulo opanda chotchingira manja, kapena amene batani lozimitsira mwadzidzidzi lili patali, poti wogwidwa dzanja sangafikepo. Mwina pulani inali bwino koma chimodzi chokhacho chinatuluka m'fakitale ndi chilema, monga makwerero amene anawotchereredwa mosalimba. Apo ayi, panalibe chenjezo lokwanira, mwachitsanzo mankhwala opereka mpweya woipa amene pachigubu pake sanalembe kuti musawagwiritse ntchito m'chipinda chotseka. Khoti lalikulu la California linagamula mu 1963, pa mlandu wa Greenman ndi kampani ya Yuba Power Products, kuti wopanga chinthu chachilema alipire ngakhale palibe umboni woti anachita mosasamala. Zigawo zambiri za America zinatsatira maganizo amenewa.

Komatu opanga makina sangokhala chete. Chimene amathamangira kunena n'chakuti makinawo anachoka kwa iwo ali bwinobwino, ndi a pafakitale panu amene anachotsa chotchingira kuti ntchito izifulumira. Mlandu wonse ungatsamire pa funso limenelo. N'chifukwa chake makinawo, mmene analili pa tsiku la ngozi, ndiwo mboni yaikulu kuposa munthu aliyense.

Pa milandu ina yonse muyenera kusonyeza zinthu zinayi: kuti munthuyo anali ndi udindo wosamala, kuti sanasamale, kuti kusasamalako ndiko kunakuvulazani, ndiponso kuti mwatayadi kanthu. Chachitatucho n'chimene chimagwetsa anthu. Mukakhala kuti msana unkakuvutani kale, a inshuwalansi adzafukula mapepala anu onse akuchipatala kuti anene kuti ngoziyo sinawonjezere chilichonse. Musabise matenda akale. Dokotala angathe kusonyeza mmene ngozi inakulitsira vutolo, koma akakugwirani bodza limodzi, zonse zimene munene pambuyo pake sazikhulupirira.

[Pa sikirini: Masiku oyamba]

Kunena zoona, milandu yambiri yotere imafa sabata yoyamba, loya asanaione n'komwe. Abwana amafuna ntchito ipitirire, ndiye makina amakonzedwa, katawala amaphwasulidwa, chingwe chodukacho chimatayidwa. Makamera ambiri amafufuta okha zimene anajambula pakapita masiku kapena masabata ochepa.

Ngati simungathe kuimirira, tumani mnzanu. Ajambule malo onse ali chapatali, kenako ayandikire. Pa makina pamakhala kachitsulo kolembedwa dzina la wopanga, mtundu wake ndi nambala yake. Ajambule kameneko mpaka manambala azioneka, chifukwa popanda iko simungadziwe woti mumusumire. Ajambule maina a makampani olembedwa pa magalimoto ndi pa zovala za amene analipo. Alembe maina ndi manambala a foni a mboni tsiku lomwelo, popeza aganyu ndi a makontilakitala mawa amakhala ali kwina. Chisoti chong'ambika, lamba woduka, nsapato, zonse sungani osachapa, osakonza. Kenako loya alembe kalata kwa aliyense wokhudzidwa yowauza kuti asunge makinawo, zojambulidwa ndi mabuku osonyeza tsiku limene makinawo anakonzedwa komaliza. Wowononga umboni atalandira kalata yotere, khoti lingamuone ngati akubisa kanthu.

Kuchipatala nenani paliponse pamene pakupweteka, osati pamene pakutuluka magazi pokha. Khosi limene mwayamba kulitchula patatha miyezi iwiri adzati munalipwetekera kwina. Nako kuntchito perekani lipoti lolemba, musunge kope lanu.

Pasanapite nthawi adzakuimbirani a inshuwalansi ya wolakwa uja, mwaulemu kwambiri, kupempha kuti ajambule mawu anu. Simukakamizidwa kuwayankha. Kungonena kuti “ndilibwinoko” kumalembedwa. Chimodzimodzi chithunzi chanu pa Facebook mukuvina pa ukwati.

[Pa sikirini: Nthawi]

Mlanduwu uli ndi tsiku lotsekera. Ku California ndi zaka 2, ku New York, ku England ndi ku South Africa nthawi zambiri ndi zaka 3. Wolakwa akakhala nthambi ya boma nthawi imafupika kwambiri: ku New York chidziwitso kwa khonsolo ya mzinda chiyenera kuperekedwa pasanathe masiku 90, ku California pasanathe miyezi 6. Anthu amapusitsika poganiza kuti poti nkhani ya chipukuta misozi ikuyenda, ndiye kuti mlandu wachiwiri uja ukudikira. Sudikira ayi. Fufuzani tsiku la kwanuko sabata yoyamba yomweyo.

Nanga ngati nanunso munalakwitsa penapake? M'malo ambiri amangodula ndalama molingana ndi gawo lanu. Akapeza kuti kulakwa kwanu ndi 20 peresenti, mumalandira 80 peresenti. Britain inayamba kutero mu 1945. Zigawo zina za America zimakumanani zonse kulakwa kwanu kukapitirira theka, pomwe ku Alabama, Maryland, North Carolina ndi Virginia ngakhale kulakwa pang'ono kungathetse mlandu wonse.

[Pa sikirini: Ndalama zikabwera, amagawana ndani?]

Apa m'pamene ambiri amakhumudwa. Inshuwalansi imene inakupatsani chipukuta misozi ili ndi ufulu wobwezeredwa kuchokera pa zimene mwapambana, chifukwa lamulo silifuna kuti mulipidwe kawiri pa chinthu chimodzi.

Tiyerekeze, ndi manambala ongopeka, kuti mwagwirizana $300,000. Loya amene munapangana naye kuti adzalipidwa mukapambana atenga gawo limodzi mwa atatu, $100,000. Madokotala ndi mainjiniya amene anapereka umboni, pamodzi ndi zolipira kukhoti, $10,000. Inshuwalansi ya kuntchito inali itawononga kale $90,000 pa inu, ikufuna zake. Inu mwatsala ndi $100,000. Koma m'malo ambiri inshuwalansiyo iyenera kusenzako gawo la malipiro a loya, poti nayonso yadyera pa thukuta lake. Ngongole ija ingatsike kufika cha m'ma $60,000, inu n'kutsala ndi pafupifupi $130,000. Loya amene sakambirana zotsitsa ngongole imeneyi wakugwirirani ntchito yatheka. Funsaninso ngati inshuwalansiyo idzayambe yaimitsa thandizo lam'tsogolo mpaka ndalama mwalandirazo zitatha, chifukwa m'zigawo zambiri imaloledwa kutero.

Musagwirizane ndi wolakwayo mwamseri. Ku New York, mukamvana naye kunja kwa khoti popanda chilolezo cholembedwa cha inshuwalansi ya kuntchito kapena cha woweruza, mungataye chipukuta misozi chonse chimene chinatsala.

Chikalata chimene mumasaina polandira ndalamazo chimatseka mlandu mpaka kalekale. Mukadzafunika opaleshoni ina chaka chamawa, simungabwererenso. Ndiye ndalama yoyamba imene akulonjezani muli chigonere m'chipatala, lendi ikudikira, imakhala yochepa dala. Dikirani dokotala anene kuti mwachira pofika pamene mungachirire, alembe chithandizo chimene mudzafune m'tsogolo ndi ntchito zimene simungathenso kugwira. Musanasaine, loya akulembereni papepala ndalama yeniyeni imene ilowe m'manja mwanu onse aja atatengapo zawo.