Mphwanga, usanakaonane ndi mabwana pa nkhani ya baseball ija

Eee, mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ndiye akuika m'komiti ya ophunzira yofuna kuti yunivesite yanu ibwezeretse timu ya baseball, ndipo za mawerengero akusiyira iweyo. Chabwino. Ndiyankhula motalikirapo, uziimitsa n'kumalemba.

Choyamba, mipira isiye. Ndakumva ukutchula mipira, magolovesi, ndodo zomenyera zija, mayunifomu, zonsezo ndi kandalama kochepa, udzaziika kumapeto. Iweyo yamba ndi intaneti. Lowa pa tsamba la unduna wa zamaphunziro wa boma la America, ufufuze EADA, E, A, D, A, ndi dzina lachidule la lamulo la malipoti a zamasewera m'makoleji. Makoleji olandira ndalama za boma zothandizira ophunzira amakakamizidwa ndi lamulo kulemba chaka ndi chaka kuti ali ndi osewera angati aamuna, angati aakazi, makochi akulipidwa zingati, timu iliyonse yadya ndalama zingati. N'zaulere, aliyense amaona. Utenge sukulu yanu, kenako utenge sukulu zisanu kapena zisanu ndi imodzi za mu ligi yanu zomwe zili ndi baseball. Za mu ligi yanu, wamva? Usakatenge LSU, yunivesite yaikulu ija ya ku Louisiana. LSU ku Baton Rouge amadzaza bwalo ndi anthu opitirira 10,000 pa masewera amodzi, atenga chikho cha dziko lonse ku Omaha, kumene kumachitikira mafainolo a baseball ya makoleji, mu 2023 ndi 2025, amenewo si anzanu. Ukaika LSU pa pepala lako mabwana akusekani musanakhale n'komwe pansi.

Komanso, aaa, ndisanaiwale. Pa EADA po ukaona kuti ndalama zolowa ndi zotuluka n'zofanana ndendende, usasangalale kuti timu imadzilipirira yokha. Ayi. Sukulu zambiri zimawerengera ndalama imene yunivesite yathiramo kuchokera m'thumba mwake ngati yolowa. Ndiye iwe uziyang'ana zotuluka basi.

Chachiwiri... kaye, sukulu yanu ili mu Division I, gawo lapamwamba la masewera a makoleji, eti? Ndikufunsa chifukwa zimasiyana kwambiri. Ku Division III kulibe sikolashipu ya masewera, ndipo timakoleji ting'onoting'ono tina timawonjezera dala matimu kuti tikope ana olipira fizi, anyamata 35 olipira fizi ndi ndalama yolowa imeneyo. Koma inuyo si amenewo. Ku Division I, kwa zaka zambirimbiri lamulo la NCAA, bungwe loyendetsa masewera a makoleji, linali lakuti timu ya baseball ipatsidwe masikolashipu 11.7 okha. Inde, 11.7, usaganize kuti ndalakwitsa, ankawaduladula n'kugawana, wina theka, wina kachidutswa. Zinasintha mu 2025 khothi litavomereza mgwirizano wa mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA pa nkhani ya malipiro: sukulu zomwe zalowa mu dongosolo latsopanolo zimaloledwa osewera 34, ndipo zikafuna zitha kuwalipirira onse. Ndiye ukafunse ku ofesi ya zamasewera, kodi ife tinalowamo kapena ayi, nanga anzathu a mu ligi akupereka masikolashipu angati? Nambala imeneyo uchulukitse ndi fizi ya chaka, kuphatikizapo chipinda ndi chakudya. Ndipo uwerengere fizi ya ana ochokera ku state ina, chifukwa osewera abwino sungawapeze onse pakhomo.

Makochi, zimenezo ukudziwa. Wamkulu, omuthandiza, munthu woona za kuvulala, inshuwalansi. Tenga pa EADA.

Maulendo. Apa lemba ndi zilembo zikuluzikulu. Nyengo ya baseball ya makoleji imayamba pakati pa February, masewera amafika 56. Kwanu kumpoto uko mu February bwalo lili pansi pa snow. Ndiye matimu a kumpoto amatha milungu yoyambirira ali pa ulendo, ku Florida, ku Texas, ku Arizona, anthu oposa 40 m'ndege, m'mabasi, m'mahotela, Lachisanu mpaka Lamlungu, sabata yotsatira chimodzimodzi. Ndipo masiku onsewo pa geti panu sipakulowa ngakhale dola imodzi. N'chifukwa chake sukulu zambiri zikuluzikulu zopanda baseball zili kozizira: Wisconsin inasiya mu 1991, Iowa State mu 2001, Colorado mu 1980, Syracuse kalekale mu 1972.

Bwalo. Muli nalo? Ndikutanthauza lenileni, la magetsi, mipando ndi zipinda zosinthira, osati kabwalo ka timu ya club kaja unandionetsa pa chithunzi. Oregon pobwezeretsa baseball mu 2009, atakhala opanda timu kuyambira 1981, anamanga PK Park ya madola pafupifupi 19 miliyoni, ndipo PK ameneyo ndi Pat Kilkenny, munthu wachuma amene analinso mkulu wa zamasewera pa nthawiyo. Ngati mulibe Kilkenny wanu, fufuza ngati m'tauni mwanumo muli bwalo la timu ya minor league, maligi ang'onoang'ono a osewera olipidwa aja, loti n'kuchita lendi.

Tsopano. Tsopano apa ndiye mvetsera bwino, chifukwa apa ndi pamene ife tinagwera.

Title IX. Lamulo la 1972. Limati sukulu yolandira ndalama za boma isasiyanitse amuna ndi akazi pa maphunziro, ndipo masewera ali momwemo. Ukawonjezera timu ya anyamata, suli kuwonjezera timu imodzi. Ndibwerezenso, suli kuwonjezera timu imodzi. Zili ngati kugulira mwana mmodzi nsapato za Khirisimasi mlongo wake ali pomwepo, kungoti kuno mlongo wakeyo ali ndi loya.

Nthawi imene ndinkagwira mu ofesi ya zachuma pa koleji ija, suja ndinakuuzapo, tinakonza pepala lotere lomwe, la timu ina ya anyamata. Lokongola, mitundu mitundu, chilichonse chili m'malo mwake. Tafika mu msonkhano, loya wa sukulu, mayi wofatsa, watimvetsera mpaka kumapeto, kenako akungofunsa kuti, nanga atsikana ali pa tsamba liti? Zii. Tinkadziwa za lamulolo, aliyense amalidziwa, koma tinkaliona ngati nkhani ya maloya yodzakonza pambuyo, osati mzere wa mu bajeti. Titabwerera kukawerengera bwinobwino, ndalama inatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo pepala lija silinatulukenso mu kabati.

Ndiye uchite chonchi. Pali njira zitatu zoti sukulu ionetse kuti ikutsata lamuloli. Yoyamba, chiwerengero cha osewera aamuna ndi aakazi chifanane ndi mmene ophunzira onse alili pa sukulupo. Yachiwiri, sukulu ionetse kuti yakhala ikuwonjezera mwayi kwa gulu lotsalira, nthawi zambiri atsikana, ndipo ikupitiriza. Yachitatu, ionetse kuti gulu lotsaliralo zofuna zake zonse zakwaniritsidwa. Ziwiri zomalizazo n'zovuta kuziteteza pamene ukuwonjezera anyamata, ndiye iwe werengera ndi yoyambayo.

Wasokonezeka? Ndipereke chitsanzo, manambala ongoyerekeza awa, uikemo anu. Tinene kuti pa ophunzira 100 aliwonse, 55 ndi atsikana, 45 anyamata. Ndiye kuti pa anyamata 45 osewera pafunika atsikana 55. Iwe wabweretsa anyamata 34. Tenga 34, uchulukitse ndi 55, ugawe ndi 45. Ikutuluka 41 ndi kanthu, tinene 42. Malo 42 a atsikana. Osati 34, ayi, 42, chifukwa atsikana ndi ambiri pa sukulupo. Ndipo zimenezo n'zoona pokhapokha ngati panopa muli kale bwinobwino, ngati muli kale m'mbuyo ndiye dzenje likungozama. Ndalama za masikolashipu nazo ziyenera kutsata chiwerengero cha osewera, sungapatse anyamata zambiri atsikana n'kuwapatsa zotsala. Ngakhale bwalo, ukamangira baseball bwalo la magetsi pamene atsikana a softball, masewera ofanana ndi baseball aja, akusewera pa fumbi, dandaulo lakupezani.

Malo 42 amenewo uwapeza kuti? Njira zikuluzikulu ndi ziwiri. Kuwonjezera timu ya atsikana, ya anthu ambiri ngati yopalasa mabwato kapena lacrosse, nayonso ndi makochi ake, maulendo ake. Kapena kupha timu ina ya anyamata. Oregon ija inachita zonse ziwiri, inathetsa wrestling n'kuyambitsa timu ya atsikana imene lero amaitcha acrobatics and tumbling. Boise State nawo anathetsa wrestling mu 2017 kuti apeze malo a baseball. Ndiye usanalankhule mu msonkhano, dziwa kuti anyamata a wrestling ndi a tenisi pa sukulu panupo akumvetsera, ndipo akudziwa mbiri imeneyi kuposa iwe. Ukawaone kaye. Usadikire kuti akamvere kwa ena.

Boise State yomweyo, iii, nkhani yake imandimvetsa chisoni. Timu inayamba kusewera mu 2020, inasewera masewera 14 okha, Covid yafika, mu July chaka chomwecho yathetsedwa, pamodzi ndi timu yosambira ya atsikana. Waona mmene zimayendera? Zimalowa ziwiriziwiri, zimatulukanso ziwiriziwiri. Wrestling inapita, baseball inapita, ana anasamuka kwawo kudzasewera pamenepo.

Panali bambo wina kwathu kuja, wophunzira wakale, wamalonda ndithu. Tinamuuza kuti bambo, dikirani kaye a board avomereze. Iye ayi, wasindikiza kale zipewa ndi matisheti a timu yoti kulibe, walengeza pa Facebook, makolo ayamba kuimba foni kufunsa za ana awo. Safunsa anadya phula. Zipewa zija mpaka lero mwina zili mu garaja mwake. Mu komiti yanuyo muli munthu ngati ameneyo, sindikumudziwa koma alipo, umugwire msanga.

Ndinali pati... eya, ndalama zichokera kuti. Pepala lako likhale ndi mizere iwiri yosiyana: ndalama yolowa kamodzi, monga bwalo, ndi ndalama ya chaka ndi chaka. Mabwana saopa yoyambayo, munthu wachuma amakonda kuona dzina lake pa khoma. Amaopa yachiwiriyo, chifukwa palibe amene amafuna dzina lake pa bilu ya basi. Wisconsin pothetsa baseball mu 1991 anali ndi ngongole ya madola pafupifupi 2 miliyoni, anadula masewera asanu nthawi imodzi, ndipo taona, ndalama za TV zabwera zochuluka kuchokera nthawi imeneyo koma mpaka lero ndi okhawo mu ligi yawo ya Big Ten opanda baseball. Anayambitsa softball mu 1996, baseball ayi.

Amene anapambana anabwera ndi ndalama m'manja. A yunivesite ya California ku Berkeley analengeza mu September 2010 kuti baseball yatha, ophunzira akale anasonkha malonjezo a madola pafupifupi 9 miliyoni, mu April 2011 yabwezeretsedwa, ndipo chaka chomwecho timu inakafika ku Omaha. A yunivesite ya Bowling Green mu 2020, anathetsa mu May, anthu alonjeza madola 1.5 miliyoni a zaka zitatu, mu June yabwerera. Koma zindikira, amenewo anali kupulumutsa timu yoti ilipo kale, bwalo lilipo, malo ake pa Title IX alipo. Inu mukuyamba popanda kanthu, n'zolemera kuposa pamenepo.

Ndiye ukapeza ndalama ya pa chaka, ya matimu onse awiri, wamva, onse awiri, uichulukitse ndi 20 kapena 25. Chifukwa thumba losungidwa lija, endowment, sukulu zimangotapamo 4 kapena 5 pa 100 pa chaka. Ikakhala miliyoni imodzi pa chaka, ndiye kuti thumba la 20 mpaka 25 miliyoni. Nambala imeneyo idzawawawa anzako, koma uilembe, kuli bwino aione kwa iwe.

China, wina mu komiti adzanena kuti tingokweza fizi ya masewera imene ophunzira onse amalipira. Usavomere msanga. Iweyo ukudziwa mmene amayi ako amavutikira nayo fizi, ndipo pa sukulupo alipo ambiri otero amene sadzapondako n'komwe ku bwalo. Ngati akufuna njira imeneyo, gawa ndalamayo ndi chiwerengero cha ophunzira, aliyense aone kuti ndi madola angati pa mutu, ndipo avote.

Basi. Yamba ndi EADA usiku uno, unditumizire manambala a sukulu za mu ligi zija ndi chiwerengero cha atsikana ndi anyamata pa sukulu panu, za undergraduate zokha, a masters usawaphatikize. Ndiziona Loweruka. Amayi ako uwaimbire, akudandaula.