Ukakafika kwa agogo, usakathere pa mvula ndi feteleza

Halo, mng'ono wanga, ukundimva? Ndangoti ndikujambulire mawu, kulemba zonsezi chala chingatope. Paja wati unyamuka Lachisanu eti? Chabwino. Za shuga, sopo ndi mchere ukudziwa kale, zimenezo sindibwereza. Ine yanga ndi ya kucheza ndi agogo, chifukwa ulendo watha uja unabwerako ukudandaula kuti agogo salankhula, nkhani yake mvula ndi feteleza basi. Iwe, amalankhula agogo aja. Amalankhula zedi. Kungoti ife timawafunsa zoyankha ndi "eya" kapena "ayi", iwonso amatipatsa "eya" wathuyo n'kupitiriza zawo.

Ndiye funso loyamba ukawafunse... ayi, dikira kaye, ndathamanga. Moni. Moni usakamudule. Ukagwade, ukakhale pamphasa, uwasiye akufunse za amayi, za ana anga mmodzimmodzi, minibasi inachedwa pati, wakabaza anakulipiritsa zingati kuchokera pa Mtunthama. Iwenso ufunse za mwendo wawo uja, za mbuzi, za maliro amene anachitika ife kulibe. Malonje amenewo si kutaya nthawi ayi. Munthu amene sanamve kuti kwanu mwasiyako bwanji sangakutsegulire za mumtima. Tsiku loyamba lonse lipite choncho, usakhale ndi phuma.

Kenako nthawi. Osati m'mawa akufunafuna khasu, osatinso pali gulu. Uwapeze manja ali pa ntchito. Ngati fodya akadali m'chigafa, kakhale nawo akusankha. Ngati fodyayo anapita kale ku okushoni ku Chinkhoma, mtedza woswa sungasowe, tenga lichero ukhale pambali pawo. Pambali ndati, osati maso ndi maso. Manja ako nawonso azigwira. Munthu wamkulu amamasuka akamayang'ana mtedza kusiyana ndi akamayang'ana nkhope ya mdzukulu amene akudikira yankho.

Tsopano funsolo. Uyambire pa chinthu chooneka, chogwirika. Bokosi lachitsulo lija lili kunsi kwa bedi, ukulikumbuka? Linachokera ku Joni limene lija. Ungoti, "Agogo, bokosi lija munaligula kuti? Pobwera munaikamo chiyani?" Basi. Usafunse kuti moyo wa ku migodi unali bwanji, limenelo ndi lalikulu, adzangoti unali wovuta. Funsa za m'bokosi. Akatchula bulangete, funsa kuti linali la ndani. Akatchula wailesi, funsa amene ankabwera kudzamvera. Pajatu iwo anapita ndi Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni, nthawi imene anthu ankanyamulidwa pa ndege, mpaka ndege ina inagwa ku Francistown mu 1974, anthu athu ambiri n'kufera pomwepo, Kamuzu n'kuletsa za Wenelazo. Ndiye ukhoza kufunsa kuti, "Tsiku limene munamva za ndege ija munali kuti? Anakuuzani ndani?" Waona? Tsiku limodzi, malo amodzi, munthu mmodzi. Kapena za ndalama. Kwacha inayamba mu 1971, kale kunali mapaundi ndi masheleni. "Ndalama yoyamba imene munaigwira ya thukuta lanu munagulira chiyani?" Limeneli ngakhale munthu wouma pakamwa amaseka kaye asanayankhe.

"Chifukwa chiyani" umusiye ku Lilongwe komweko. "Munapitiranji, munasiyiranji sukulu, munagulitsiranji ng'ombe zija." Amenewo ndi mafunso a pabwalo la milandu kwa amfumu, munthu amayamba kudziteteza. Uziti "zinayenda bwanji", "kenako", "analipo ndani".

Ndiye apa, apa mvetsera, chifukwa ndi pamene ine zinandikanika. Ukafunsa, khala chete. Ndati khala chete. Ine ndinawafunsa za njala ya 2002 ija, iwe unali wamng'ono sungakumbuke, ku Kasungu kuno... ndati kuno ngati ndili komweko, kwathu kuja inavuta kwambiri, anthu ankadya madeya, ena mizu ya nthochi, kugona pamzere ku ADMARC kudikira chimanga. Ndiye ndinafunsa bwinobwino, ndinati, "Agogo, chaka chija ndani anakupatsani chakudya amene simunkamuyembekezera?" Manja awo anaima. Mtedza uli m'manja osauswa, akuyang'ana kukhola. Ine mtima unayamba kuthamanga, ndikuti mwina ndawakhumudwitsa, mwina sanamve. Ndiye ndinalumphira, "Koma zinali zovuta eti, agogo?" Iwo, "Eya, zinali zovuta." Thobo, mtedza uja aswa, nkhani yathera pomwepo. Ndinawapatsa ndekha yankho lachidule, iwo n'kulilandira. Pamene anali chete paja anali akusankha poyambira, dzina la munthu linali litafika kale pakamwa.

Ndiye iwe ukaona manja aima, usawathandize. Usabwereze funso, usalisinthe, usawapatse mayankho oti asankhepo. Iwe pitiriza kuswa mtedza wako. Idzaoneka nthawi yaitali, udzamva ngati wachita mwano, pirira. Nkhuku ikadutsa ithamangitse, koma pakamwa potseka. Akayamba kulankhula n'kuimanso pakati, chimodzimodzi. Kwambiri ungobwereza mawu awo omaliza. Akati, "Ndiye tinayenda usiku," iwe, "Usiku?" Basi. Apitiriza okha. Wamva? Ndibwerezenso, chifukwa iwe ndimakudziwa, ndiwe wapakamwa ngati ine ndemwe. Funsa kamodzi, kenako chete.

Aaa, zandikumbutsa msuweni wathu uja wa kwa amalume. Ndinamuuza zonsezi asanapite, sanamve. Anatenga mafunso pa intaneti, mndandanda wautali, ati ndi ntchito ya ku koleji. Wafika masana dzuwa lili pamutu, moni wa chiimire, foni wawalozetsa kukamwa, "Agogo, cholinga cha moyo wanu n'chiyani?" Agogo anamuyang'ana, n'kuti, "Zimenezo ukafunse abusa Lamulungu." Anthu pakhonde kuseka. Iye osagwa mphwayi, wapita pa lachiwiri, "Pa referendamu munavotera nyali ya zipani zambiri kapena tambala wa chipani chimodzi?" Pagulu! Iwe, ku Kasungu, kwawo kwa Kamuzu, munthu amene anakhala zaka zonse zija akuyenda ndi khadi la chipani m'thumba kuti alowe mumsika, apayoniya ali pageti, ungamufunse choncho ana ndi apongozi ali pomwepo? Agogo anangoti akukaona mbuzi. Mpaka lero akamutchula amati "mtolankhani uja".

Za ndalezo sikuti n'zoletsedwa, ayi, usandimve molakwa. Koma uzilowere cham'mbali. "Tsiku la referendamu lija, 14 June 1993, m'mudzi muno munadzuka bwanji? Pamzere anthu ankalankhulana?" Za voti yawo akafuna anena okha. Kapena sukulu ya Kamuzu Academy ija, inatsegulidwa mu 1981 iwo akuona, pafupi pomwepa. Ukhoza kufunsa, "Mmene ankaimanga, munkaganiza kuti mwana wanu wina adzaphunzirapo?" Limenelo ndi lakuya kuposa mmene likumvekera, chifukwa likukhudza zimene ankalakalaka pa amayi athu ndi abale awo.

Ndinali pati? Eya. Akayamba kumasuka, mwina usiku wachitatu mutadya nsima, ndi pamene ungafunse aakulu aja. Ine amene ndimawakonda ndi awa. "Ndi chiyani chimene munkachikhulupirira muli mnyamata chimene pano munachisiya?" Lina, "Alipo munthu amene anakuchitirani zabwino koma simunapeze mpata womuthokoza?" Linanso, "Bambo anu ankakonda kunena mawu ati amene mumawamvabe?" Koma limodzi pa usiku umodzi. Limodzi. Osati kuwathira onse ngati msuweni uja. Likagwira, khala pomwepo mpaka atope okha.

Ndipo nawenso upereke kako. Akakufunsa kuti ku tauni zikuyenda bwanji usangoti "bwinobwino". Auze chenicheni, za ntchito ija ikukusowetsa tulo, ufunse kuti iwo akanatani. Munthu wamkulu safuna kukhala wofunsidwa yekhayekha, amafuna aonenso kuti mawu ake ali ndi ntchito.

Chinanso, akasokoneza zaka usawakonze. Akati ndege inagwa chaka chimene anabadwa amalume pamene iwe ukudziwa kuti sizikugwirizana, zisiye. Ukangoti "ayi agogo, si choncho", nkhani isanduka mkangano wa zaka, chimene amafuna kunena chija chatayika. Ukakonze m'kope mwako pambuyo pake. Za kudambwe usayerekeze n'komwe, ukudziwa kale, sakuuza ndipo ungodzichotsa ulemu. Za agogo aakazi... mmm. Zimenezo dikira ayambe okha. Akawatchula, funsa zopepuka kaye, anakumana kuti, ndiwo zimene ankaphika bwino zinali ziti. Za matenda awo aja ayi. Misozi ikabwera usathawe, usasinthenso nkhani msangamsanga, ungokhala nawo. Akati "basi, tagona", ndiye kuti basi, uwathokoze, mawa kulinso tsiku.

Foni, ndinatsala pang'ono kuiwala. Ngati ukufuna kujambula upemphe kaye, unene kuti n'zoti ana athu adzamve mawu awo, ndipo sizipita pa WhatsApp ya banja iwo osavomera. Akalola, uiike pansi pamphasa chafufumimba, isamawale. Akakana, yabwerera m'chikwama, ukalembe zimene wakumbuka usanagone. Uitchajiretu pa Mtunthama chifukwa sola ya kwa amalume ija batire yake inafa. Ndipo funso langa lija la njala, la munthu amene anawapatsa chakudya, ukalifunsenso iweyo, dzinalo ndikulifunabe. Dikira, mwana akulira uku, ndikuimbira madzulo za ndalama ya thiransipoti.