Matayala a Ndege Yaing'ono Akakana Kutsika

Zikomo amayi ndi abambo. Tiyambire pa nyali zitatu zobiriwira zimene zimakhala kutsogolo kwa woyendetsa ndege. Mu ndege zambiri zazing'ono zimene matayala ake amapindika zikanyamuka, nyali zimenezi ndi zimene zimakuuzani kuti onse atatu atsika ndipo akhoma. Tsono mwakonzeka kutera, mwatsitsa chogwirira cha matayala, koma zayaka ziwiri zokha. Mutani?

Musatere ayi. Onjezani mphamvu ya injini, kwerani m'mwamba, patukani pomwe ndege zina zikuzungulira, ndipo auzeni a pansanja, amene amayang'anira kayendedwe ka ndege pabwalo, pa wailesi. Ndege imene matayala ake akana imauluka bwinobwino, mapiko ndi injini zilibe vuto. Ngozi imabwera woyendetsa akaika mtima wonse pa matayala n'kuiwala ndege. Pa 29 Disembala 1972, ndege ya Eastern Air Lines inagwera m'madambo a Everglades pafupi ndi Miami ku America, anthu 101 n'kufa. Tayala lakutsogolo linali litatsika bwino lomwe, chimene chinapsa ndi babu la nyali yake basi. Oyendetsa onse maso anali pa kababuko, ndege ikutsika pang'onopang'ono mumdima iwo osadziwa. Mu 1978 ku Portland, ya United Airlines inazungulira pafupifupi ola lathunthu akulimbana ndi matayala mpaka mafuta anatha, ndipo anthu 10 anafa. Kumeneko oyendetsa anali angapo. Inuyo nthawi zambiri mumakhala muli nokha.

Choncho mukakhazikika m'mwamba, onani mafuta kaye kuti mudziwe nthawi imene muli nayo. Kenako tsegulani buku la ndegeyo, musadalire kukumbukira. Ngati muli ndi mnzanu pambali, mupatseni azikuwerengerani.

Yambani ndi zing'onozing'ono. Dinani nyaliyo muone ngati babu ndi lamoyo, kapena lisinthanitseni ndi la nyali imene ikuyaka. Mu Piper Arrow, mukayatsa nyali za m'mapiko, zobiriwira zija zimazirala, moti masana mukhoza kuganiza kuti zazima. Ambiri achitapo mantha ndi chimenechi chokha. Onaninso ngati breaker, kabatani kamene kamadula magetsi akachuluka, yatuluka. Ibwezereni kamodzi basi; ikatulukanso isiyeni, mungayambitse moto.

Zikakanika, ndege iliyonse ili ndi njira yake yotsitsira matayala pamanja, ndipo sizifanana. Cessna 210 ili ndi pampu ya pamanja pakati pa mipando. Mu Beechcraft Bonanza mumatulutsa breaker ya mota ya matayala, n'kupukusa chogwirira maulendo pafupifupi 50. Ndi ntchito yotulutsa thukuta, dzanja lina lili kumbuyo, ndege ikuyamba kupendekeka. Pukusani pang'ono, dzutsani mutu, onani kunja, kenako pitirizani. Mu Arrow mumachepetsa liwiro n'kumasula mphamvu ya hayidiroliki, matayala amagwa okha ndi kulemera kwawo, ndipo nthawi zina mumagwedeza mchira uku ndi uku kuti akhome.

Mukhoza kudutsa pafupi ndi nsanja kuti akuonereni. Koma dziwani kuti iwo angaone kuti tayala latsika, kukhomako sangakutsimikizireni.

Nanga akakaniratu? Muterera pamimba, ndipo anthu ochuluka amatuluka akuyenda okha. Nenani kuti muli pangozi, musachite manyazi. Ngati palibe amene mukulankhula naye, itanani pa 121.5, nambala ya pa wailesi ya ndege zimene zili pangozi, ndipo pa transponder, kachipangizo koonetsa ndege yanu kwa oyang'anira ndege, ikani 7700, chizindikiro cha ngozi. Sankhani bwalo lalitali, la tala, lomwe lili ndi ozimitsa moto. Ena amaganiza kuti pa udzu ndi pofewa, koma nthaka imatha kukola ndege n'kuigudubuza, pamene pa tala imangokhwekhwereka. Mangitsani malamba, auzeni amene mwanyamula momwe atulukire, ndipo masulani chitseko musanagunde pansi chifukwa thupi la ndege likapindika chimakana kutseguka.

Pali chinthu china chimene ndimachikana kwamtuwagalu: kuzimitsa injini mukadali kutali pofuna kupulumutsa pulopela. Pulopela imagulidwa ina. Injini ikhale ikuyenda mpaka mutatsimikiza kuti bwalo mwalipeza, pamenepo ndiye mutseke mafuta ndi magetsi monga buku likunenera. Terani mwa liwiro lochepa, mapiko ali olingana, mphuno yodzutsa pang'ono. Phokoso lake ndi loboola m'makutu, ndipo ndege imaima msanga kuposa masiku onse. Ikangoima, tulukani nonse, zikwama zisiyeni momwemo, mupite kutali kumbali imene mphepo ikuchokera.