Maliro satha tsiku loika

Amfumu, abusa, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Sinditalikitsa, dzuwa la kuno ku Nkhotakota mukulidziwa.

Tikalowa m'siwa, mawu amene timathamangira kunena ndi akuti, "Musalire, limbani mtima, inu ndinu opemphera." Timanena mwachikondi, inde, koma namfedwa amamva ngati misozi yake ndi tchimo. Ena amameza kulira kwawo poopa kuti anthu anena kuti chikhulupiriro chawachepera, kenaka n'kukadwala kunyumba.

Tsegulani Yohane 11. Yesu anafika ku Betaniya Lazaro atagona m'manda masiku 4. Ankadziwa bwino lomwe kuti amudzutsa posachedwa. Komabe ataona Mariya ndi anthu akulira, nayenso analira, ndi vesi 35 imeneyo. Ngati mwini wake wa kuuka anagwetsa misozi pamanda a bwenzi lake, ife ndife yani kuti tiletse mayi amene waika mwana? Pa Machitidwe 8, amene anaika Stefano anali anthu opembedza, ndipo anamulira maliro aakulu. Paulo naye, pa 1 Atesalonika 4:13, sanaletse kulira. Chimene anakana n'chakuti tilire ngati anthu opanda chiyembekezo.

Ndikudziwa wina mumtima akuti, nanga si Yesu yemweyo anauza mayi wamasiye wa ku Naini kuti asalire? Zoona, zili pa Luka 7. Koma werengani mpaka pansi. Atanena mawuwo anakhudza chithatha, mnyamata n'kudzuka, Yesu n'kumubwezera kwa amayi ake. Ife tikamati musalire, timakhala titamubwezera chiyani munthuyo?

Tsono chiyembekezocho n'chiyani? Si kungodzitonthoza ayi. Chikhristu chonse chaima pa nkhani imodzi, yakuti Yesu anafa, anaikidwa, n'kuuka tsiku lachitatu. Paulo pa 1 Akorinto 15 akuchita kunena poyera kuti ngati Khristu sanauke, chikhulupiriro chathu n'chachabe. M'chaputala chomwecho akufanizira thupi ndi mbewu. Inu alimi a mpunga a ku Bua mukudziwa, njere imene mumafesa ija simuionanso, imathera m'matope, koma chimene chimatuluka ndi mpunga womwewo, si udzu wina. Wokondedwa wanu adzauka ali iye yemwe, m'thupi losavunda.

Apa ndikufuna ndilankhule ndi inu a m'mbali mwa nyanja, chifukwa chisoni chanu chili ndi kulemera kwake. Mwera ukaomba miyezi yozizira ija, pali mabwato amene amapita ku usipa usiku osabwerako. Matupi ena amapezeka patapita masiku, ena sapezeka n'komwe. Banja lotere lilibe manda oti likalimire, lilibe poika chiliza. Mayi amangoti bwato lililonse likamakocheza, mtima phaa, mwina ndi iyeyo. Ndipo funso limene amaopa kufunsa abusa ndi ili: munthu amene sanaikidwe m'manda, adzauka bwanji? Amayi, lembani vesi iyi, Chivumbulutso 20:13. Yohane anaona nyanja ikupereka akufa amene anali m'menemo. Nyanja yatchulidwa ndi dzina lake, ngati kuti Mulungu ankadziwiratu kuti kudzakhala akazi a asodzi ofunsa funso limeneli. Ife tinalephera kumupeza mwana wanu, koma kwa Mulungu sanasowe.

Chinanso chimene chimatilanda mtendere ndi kufunafuna wopha. Munthu wamwalira ndi malungo, kapena wamira ndi mphepo, ife tayamba kale kuloza agogo ena a m'mudzi. Pa Luka 13 Yesu anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anakana kuti anafa chifukwa anali ochimwa kuposa anzawo. Ngozi ndi matenda zilipo m'dziko lino. Kutchula mnzako mfiti, lamulo la dziko limaletsa, komanso sikunatonthozepo namfedwa aliyense. Kumangowonjezera udani pamwamba pa maliro.

Kwathu kuno timadziwa kulirana. Uthenga ukangomveka, amayi amabwera ndi nkhuni ndi ufa, adzukulu amalawirira kumanda, makwaya amachezera usiku wonse, chipepeso chimasonkhedwa. Asilamu ndi Akhristu timakhalira limodzi pamaliro, ndipo chimenechi tisachitaye. Koma tikangoika, tsiku lachiwiri kapena lachitatu, aliyense wanyamula mphasa yake. Pamenepo m'pamene maliro enieni amayambira. Usiku woyamba nyumba ili zii. Mwana akufunsa kuti ababa abwera liti. Nthawi yokolola chinangwa yafika, wothandizana naye palibe. Ndipo nthawi yomweyo m'pamene achibale ena amatulukira kudzatenga ukonde, njinga, ngakhale malata a padenga. Amfumu ndinu mboni, kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011. Mpingo usamangoimba bwino kumanda n'kukhala chete pa zimenezi. Yakobo 1:27 akuti kupembedza koona ndi kuchezera ana amasiye ndi akazi amasiye m'chisautso chawo.

Ambiri sitipita chifukwa timati tikanena chiyani. Anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osatsegula pakamwa, ndipo zinthu zinasokonekera pamene anayamba kufotokoza chifukwa chimene Yobu ankavutikira. Inu pitani, mukhale pakhonde, musendeko naye chinangwa. Akatchula dzina la malemu musasinthe nkhani, musiyeni akambe, ngakhale abwereze zomwezo kangapo. Akakwiyira Mulungu musamudzudzule msanga, m'Masalimo muli madandaulo oposa akewo. Mukaona kuti sakudya, sakugona, kapena akunena zoti bola angofa, musamusiye yekha, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Tisanabalalike, ndikupempha atsogoleri a magulu a amayi ndi a abambo mutsale pang'ono pansi pa mtengopa. Tilembe nyumba zonse zimene zinaona maliro chaka chino, tigawane woyendera nyumba iliyonse, ndipo amfumu atiuze kumene kuli nkhani ya katundu. Zikomo.