Holide ya sukulu yayandikira, tikambe za ndalama

Zikomo amayi apampando. Abale anga, chandiimitsa pano ndi nkhani ya mayi wina mnzathu, dzina sinditchula, amagwira kukhitchini ya sukulu kuno ku England kudzera ku ejensi yopezera anthu ntchito. Sukulu zitatseka kumapeto kwa July foni ya ejensi inangoti zii, masabata sikisi opanda shifti, lendi ikudikira, kumudzi nako akuimba za fizi. Mnzake wakuntchito anamuuza kuti kalembetse Universal Credit, ndalama yomwe boma limathandizira anthu opeza zochepa, fomu anayamba kudzaza ndithu, chikhalirecho visa yake sikumulola kulandira chithandizo cha boma. Mwayi wake anayamba wafunsa. Akanatumiza bwenzi pano tikukamba zina, chifukwa kumeneko nkuphwanya lamulo la visa ndipo a Home Office, oona za ma visa, atha kukukanira ukamakawonjezera masiku.

Ndiye chonde, musanapemphe kalikonse kuboma yambani mwatsegula eVisa yanu, visa ya pa intaneti ija, muone zomwe analemba. Osamvera za mnzanu wakuntchito, mapepala ake si anu.

Komanso ife tili ndi vuto, peyisilipu sitiwerenga. Timangoona ndalama yalowa, basi tatumiza kumudzi. Kuyambira April 2024 lamulo limalola bwana kuphatikiza ndalama ya holide pamalipiro a anthu ogwira mwa apo ndi apo, 12.07 peresenti, ndipo amailemba payokha papepalapo. Imeneyo ndi ya August amayi, muziipatula.

Ee bambo kumbuyoko? Mwati msonkho amakudulani mwezi uliwonse ndiye akukanizeni bwanji? Zimawawa, ndikudziwa. Koma msonkho sufufuta zomwe analemba pa visa. Chomwe chingakuthandizeni ndi National Insurance amadula ija. Pali New Style Jobseeker's Allowance, ndalama ya anthu ofuna ntchito, imeneyo saiwerengera mgulu la zoletsedwazo chifukwa munasonkha nokha, amayang'ana zomwe munadulidwa mzaka ziwiri za msonkho zapitazo ndipo imatha pamasiku 182. Koma ngati kontilakiti yanu ikadalipo mukungodikira September, atha kunena kuti ntchito muli nayo. Ndiye funsani kaye ku Citizens Advice, bungwe lopereka malangizo, nkwaulere, mutenge kontilakiti ndi mapeyisilipu. Ndipo Universal Credit ija bambo, musaikhudze musanaone visa.

Ndaona maso ali kumapoto, ndithamange. Amene muli ndi mapepala okhazikika, Universal Credit imatenga pafupifupi masabata 5 kuti ndalama yoyamba ifike, ndiye lembetsani tsiku lomwe ntchito yaima, ndipo akakupatsani yoyambira dziwani kuti ndi ngongole adzadula. Ana, kuno ku England chakudya chaulere kusukulu anatsegulira ngakhale mabanja a visa yoletsa ija kuyambira 2022 malinga ndi zomwe mumapeza, funsani kuofesi ya sukulu asanatseke, mufunsenso ku khonsolo za HAF, pologalamu yomwe ana amakadya nkusewera paholide. Ejensi muiuze lero kuti mukufuna mashifti a kilini kapena keya ngati visa ikulola. Amene mwabwera ndi mapeyisilipu mundipeze pakhomopo tikatha kudya.