Kusankha kamakina ka CPAP kopita nako kumudzi

Zikomo a tcheyamani, zikomo abambo ndi amayi nonse. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Amene simukundidziwa, ine ndine namwino, ndimagwira ntchito kuno ku Manchester, mbali yoona anthu amene amavutika kupuma akagona. Disembala wayandikira, ambiri mwagula kale matikiti, ndipo masabata apitawa anthu atatu a mu holo yomwe ino andikokera pambali, aliyense payekha, mwakachetechete, kundifunsa funso limodzi: achemwali, makina anga aja a CPAP, ondithandiza kupuma ndikagona, ndikayenda nawo bwanji kumudzi? Ndigule kakang'ono kaja? Ndiye ndati bola ndiyankhe pagulu, chifukwa amene afunsawo ndi atatu koma amene ali ndi vutoli muno ndi ambiri.

Ndiyambe ndi matendawo, poti ena mukungomva lero. Kwathu munthu akamaliza mkonono timati wagona tulo tabwino, watopa ndi ntchito. Nthawi zina ndi zoona. Koma amayi amene mumagona pafupi ndi abambo oliza mkonono, mvetserani usiku uno. Mkonono ukulira, ukulira, kenako zii. Chifuwa chikuyesa kukoka mpweya koma palibe chikulowa. Mukuwerenga, mukufika khumi, makumi awiri, kenako munthu uja adzidzimuka ngati watsamwa, n'kuyambiranso. Chimene chachitika n'chakuti minofu ya kukhosi yafooka ndi tulo, lilime lagwera kumbuyo, njira ya mpweya yatsekeka. Madokotala amati obstructive sleep apnoea, ife tingoti kubanika kutulo. Kupuma kukaima masekondi 10 kapena kuposerapo, timawerenga kamodzi. Zikamachitika ka 5 mpaka ka 14 pa ola, matendawo ndi ochepa. Ka 15 mpaka ka 29 ndi apakati. Ka 30 kupita m'tsogolo ndi aakulu. Ndaonapo anthu obanika koposa kamodzi pa mphindi iliyonse, usiku wonse, kwa zaka, eni ake osadziwa. Amangodziwa kuti amadzuka mutu ukuwawa, kukhosi kuli gwa, amasinza m'tchalitchi, amasinza pa basi, BP siyikutsika ngakhale akumwa mankhwala mokhulupirika. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 anayerekeza kuti anthu pafupifupi 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 padziko lonse ali ndi vutoli. Si matenda a azungu ayi, ndiponso si a anthu onenepa okha.

Makina a CPAP sapuma m'malo mwanu, ndipo sapereka okosijeni. Amangokankha mpweya wa m'chipinda momwemo kudzera m'paipi ndi masiki, mwamphamvu yokwanira kuti khosi lisatsekeke. Anayambitsa njirayi ndi dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan, ndipo anailemba mu 1981. Amayi ena muno dzina la CPAP munalimva kale ku Queens, ku chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, kumene kuli makina otchedwa Pumani amene anapangidwa mogwirizana ndi a Rice University ya ku America. Nzeru yake ndi yomweyo, kusunga njira ya mpweya ili yotseguka, kungoti a akuluakulu ndi ena.

Tsopano za ulendo. Choyamba chimene ndikufuna mumve ndi ichi: ambiri mwa inu simukufunika kugula kalikonse. Makina amene munapatsidwa ku NHS, ku zipatala za boma za kuno, monga AirSense 10, amalemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono, ali ndi chikwama chake, ndipo amalandira magetsi kuyambira 100 mpaka 240 volts. Pulagi ya ku Malawi ndi ya mano atatu ngati ya kuno, mungofika n'kulumikiza. Ngati mukakhala ku Area 47 kapena ku Namiwawa m'nyumba ya jenereta kapena sola yamphamvu, nyamulani omwewo, mwawazolowera. Kamakina kapaulendo mumagula nokha, ndi mapaundi mazana angapo, ndalama zoti zikanafolera nyumba ya agogo. Kamafunika kwa munthu amene amayenda pafupipafupi, amene akagona malo anayi kapena asanu pa ulendo umodzi, lero ku Lilongwe, mawa ku Kasungu, mkuja ku maliro ku Mzimba, makamaka amene akagona kumene kulibe magetsi.

Tilipo tingapo todziwika. AirMini ka kampani ya ResMed kanatuluka mu 2017, kamalemera pafupifupi magalamu 300, kamakwana m'dzanja. Pali Z2 Auto ka Breas, kolemera chimodzimodzi, ndi Transcend Micro, kopepukirapo. Anthu akaona kuchepa kwake amakopeka nthawi yomweyo, ndipo apa m'pamene ndimawaimitsa. Kulemera kumene alemba pa bokosi ndi kwa kamakina kokha. Onjezani chingwe cha magetsi, paipi, masiki ndi batire, muona kuti katundu wakula. Ndipo kusiyana kwa magalamu 80 simudzakumva m'chikwama. Chimene mudzamve ndi usiku wa kumudzi, ndiye sankhani poganiza za usiku umenewo.

Ndikuuzeni za kunyumba kwanga. Bambo a ana anga amagona ndi CPAP. Mu 2022 tinapita kwawo ku Ntcheu, chaka chimene namondwe Ana anawononga Kapichira, magetsi akusowa dziko lonse. Tinanyamula makina, batire ayi. Usiku woyamba magetsi anazima cha m'ma 11, anabwera kutacha. Wachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lachitatu iwo ali pa chiwongolero, tikutsika kupita ku Balaka, ana ali kumbuyo, ndinaona mutu wawo ukugwa. Ndinakuwa, anaimika galimoto, ndinayendetsa ndine. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandigunda. Matendawa sachira chifukwa mwagwiritsa ntchito makina chaka chonse. Mukasiya usiku umodzi kapena uwiri, kubanika kumabwerera, tulo ta masana n'kubwerera nato, ndipo msewu wa M1 mukuudziwa nokha.

Choncho funso lalikulu kuposa onse ndi la magetsi. Timakina tambiri tapaulendo tilibe batire mkati, AirMini kalibe, mumagula padera. Funsani wogulitsa kuti batire imene ikugwirizana ndi kamakina kameneka ndi iti, chifukwa ma volts amasiyana, ndipo power bank ya foni singolumikizika. Funsaninso kuti pa mphamvu ya mpweya imene dokotala anakulemberani inuyo, batireyo itha maola angati. Mphamvu ya mpweya pa makinawa imayambira pa 4 kufika pa 20. Munthu wa pa 7 ndi munthu wa pa 15 sadya batire mofanana, ndiye maola olembedwa pa bokosi musawakhulupirire musanayese. Nthawi zambiri batire yonyamulika imakufikitsani usiku umodzi, mwina uwiri. Ndiye mukaitchaja kuti masana? Ngati kumudzi kuli sola, dziwiranitu ngati ili ndi inveta kapena ndi ya mababu ndi mafoni basi. Ngati mudzakhala ndi galimoto, gulani chingwe cholumikizira pa 12 volts, chilipo cha timakina tambiri, ndipo batire ina imatchajika muli pa ulendo.

Pa batire pomwepo pali lamulo la ndege. Batire ya lithium yosapitirira 100 watt hours mumalowa nayo m'ndege popanda vuto. Kuyambira 100 kufika 160 pamafunika chilolezo cha kampani ya ndege. Yoposa pamenepo siyiloledwa. Ndipo batire yapadera siyiikidwa m'sutikesi yopita pansi, imakhala m'chikwama cha m'manja. Nambala ija yalembedwa pa batire penipenipo, iwerengeni musanalipire.

Inde mayi, funsani. Afunsa za madzi. Funso labwino, ndimabwera komweko. Makina a kunyumba ali ndi kathanki kotenthetsa madzi kuti mpweya usaumitse mphuno. Kathanki kameneka ndiko kamadya magetsi kwambiri, ndipo amene mukagwiritse ntchito makina aakulu pa batire, kazimitseni. Timakina tapaulendo tambiri tilibe thanki. Tili ndi kasefa kakang'ono pafupi ndi masiki, kamene kamagwira chinyezi cha mpweya umene mukutulutsa n'kukubwezerani pokoka. Ka AirMini amakatcha HumidX, ndipo kamasinthidwa pakatha masiku 30 chitsegulireni. Ena kamawakwanira, ena amadzuka mphuno zikuwotcha, makamaka nyengo ya Okutobala kukauma. Ubwino wake ndi woti simusakasaka madzi. Amene mukanyamule makina a thanki, madzi oyenera ndi a distilled a ku pharmacy. Akasowa, a m'botolo akumwa angakuthandizeni masiku ochepa, bola muzitsuka thanki tsiku lililonse. Koma chonde, madzi othira m'batire ya galimoto ogula pa filling station musathire. Simukudziwa chimene chili m'botolomo, ndipo chikupita m'mapapo mwanu.

Kenako masiki. Anthu amasiya CPAP chifukwa cha masiki kuposa chifukwa cha makina, izi ndimaziona sabata iliyonse. Munthu wavutika miyezi itatu kupeza yomukwana, yosatulutsa mpweya m'mbali, yosamusiya chilonda pamphuno, kenako agula kamakina kosalandira masikiyo. AirMini kanapangidwa kuti kazigwira ndi masiki ochepa a ResMed yomweyo, monga N20, P10 ndi F20, pogwiritsa ntchito zolumikizira zake. Z2 ndi Transcend timalandira masiki ambiri wamba. Ndiye musanasankhe kamakina, yang'anani dzina la masiki yanu. Ine ndingalole kamakina kolemererapo, bola masiki ikhale imene nkhope yanu yaizolowera.

Phokoso nalo lilipo. Timakina tating'ono timalira kuposa makina a kunyumba, ndipo phokosolo limamvekera pafupi ndi nkhope. Kumudzi nyumba zathu zambiri zilibe siling'i, zimene zikuchitika chipinda chino akuzimva chipinda chinacho. Apongozi adzafunsa m'mawa. Afotokozereni poyera, musachite manyazi, mwinanso iwowo ndiye oliza mkonono wa mtundu womwewo ndipo mwawathandiza.

Kuli zina za kwathu zimene buku la makina silinena. Kamakina kamakoka mpweya wa pamene mwakaika. Mukakaika pansi pa dothi, mukupuma fumbi. Kaikeni pa mpando, ndipo nyamulani masefa apadera awiri kapena atatu. Musayatse koyilo ya udzudzu pafupi, utsi wonse udzera m'paipi kulowa mwa inu. Mbaula m'chipinda chogona ayi, kaya muli ndi makina kaya mulibe. Neti gonanimo ndithu, paipi idutse pansi pa neti ndipo mupinde bwino, malungo sasamala kuti muli ndi CPAP. Za kukwera kwa malo musadandaule kwambiri. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050, Johannesburg pafupifupi 1,750, Addis Ababa kumene ambiri timasinthira ndege ndi kopitirira 2,300, ndipo timakina tamakono timadzisintha tokha kufika pafupifupi mamita 2,400 kapena kupitirira pang'ono. Amene mudzere ku Joni n'kugona kwa abale, kumbukirani kuti pulagi ya kumeneko ndi ya mano obulungira, mufunika adaputa.

Abambo uko afunsa ngati angagule kogwiritsidwa kale ntchito pa Facebook. Bambo, ine ndingakuletseni. Simudziwa amene ankapumiramo ankadwala chiyani, ndipo simudziwa kagwira maola angati. Komanso mu June 2021 kampani ya Philips inaitanitsa makina ake ambiri, kuphatikizapo kapaulendo kotchedwa DreamStation Go, chifukwa siponji yoletsa phokoso ya mkati inkatha kufumbutuka n'kulowa mu mpweya. Ena mwa makina amenewo akadali m'manja mwa anthu. Wogulitsa weniweni adzakufunsani kalata ya dokotala yosonyeza mphamvu ya mpweya wanu, ndipo akapanda kufunsa, chokanipo. Musatengere manambala a mnzanu. Ndipo amene muli pa BiPAP, makina opereka mphamvu ziwiri za mpweya, ina pokoka ina potulutsa, kapena mumawonjezera okosijeni usiku, kapena muli ndi matenda a mtima kapena a m'mapapo, timakina timeneti mwina si tanu konse. Yambani mwalankhula ndi a ku kliniki yanu.

Mukagula, musakatsegulire bokosi ku Malawi. Gonani nako kuno sabata yathunthu, ndipo usiku umodzi kapena uwiri muzule pulagi kukhoma, mugone pa batire yokha, muone ngati ikufikitsani m'mawa. AirMini kamasinthidwa kudzera pa foni, ndiye pulogalamu yake ikhale m'foni musananyamuke. Tsiku la ulendo kamakina kakhale m'manja, osati m'sutikesi, chifukwa sutikesi ikhoza kutsalira ku Addis kapena ku Nairobi masiku atatu. Ndege zambiri siziwerengera chipangizo cha chipatala pa katundu wa m'manja, koma imbirani kampani yanu kukadali masiku, makamaka ngati mukufuna kukagwiritsa ntchito m'ndege usiku. Pemphani kalata ku kliniki, ikani m'chikwama chomwecho pamodzi ndi khushoni yapadera ya masiki, chifukwa ikang'ambika muli ku Chitipa simukaipeza pa golosale.

Ndabweretsa kamakina ka bambo a kunyumba, masiki mitundu itatu ndi batire, zili pa tebulo apo pafupi ndi khomo. Tikatha kudya bwerani mugwire, muyatse, mumve kulira kwake ndi makutu anu. Amene simunayezetsepo koma akunyumba akhala akukudandaulirani za mkonono wodukizadukiza, ndili ndi mapepala a mafunso asanu ndi atatu a Epworth oyeza tulo ta masana, mudzaze pompano mupite nawo kwa dokotala wanu, GP, sabata ino. A tcheyamani, ndabweza kwa inu.