Musanagule tikiti yokadinditsa viza, mverani kaye

Eee, moni nonse pagulupa. Ndati ndijambule mawu, kulemba sindingathe, nkhaniyi ndi yaitali. Achemwali amene munafunsa zotuluka m'dziko kukadinditsa viza, inu a viza ya ntchito ya H-1B, mverani, ndipo ena nonse a maviza a ntchito kuno ku America zikukukhudzaninso.

Choyamba... ayi, dikirani, tisanafike pa choyamba. Kodi mukufunikadi kupita? Chifukwa anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Chidindo chili m'pasipoti chija, viza ija, ntchito yake ndi kukufikitsani pakhomo kuti munene odi. Basi. Woyankha kuti lowani, mukhale mpaka tsiku lakuti, ndi ofisala wa CBP, nthambi ya boma yoyang'anira malire, pabwalo la ndege kapena pamalire, ndipo tsikulo limalembedwa pa I-94, chikalata chosonyeza tsiku limene mwalowa ndi tsiku lothera chilolezo chanu chokhala kuno. Ndiye viza ikhoza kutha inu muli mkati, palibe mlandu, bola I-94 ikadali ndi masiku. Mwamva eti? Ndibwereze. Viza yatha, I-94 ilipo, simukuyenda, khalani phee. Chidindo chimafunika tsiku limene mwatuluka ndiye mukufuna kulowanso.

Tsono chidindocho mkati muno sadinda. Kale ankadinda, anasiya mu 2004. Mu 2024 anayesako pang'ono kwa anthu a H-1B osapitirira 20,000, amene viza yawo yakale inachokera ku Canada kapena ku India, zinathera pomwepo. Ndiye kutuluka basi, ku ofesi ya kazembe wa America.

Apa mpamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa malangizo ambiri amene mukumva ndi akale. Anthu ankangodumphira ku Toronto, ku Vancouver, ena ku Tijuana kapena Ciudad Juárez, Lachisanu abwerako. Kuyambira Seputembala 2025 boma la America linanena kuti intavyu muzikapangira m'dziko limene muli nzika, kapena limene mumakhala. Kwa ife okhala kuno, ndiye kuti kwanu. Mukakakamira dziko lachitatu, anenetsa okha kuti kupambana kumavutirapo, kudikira tsiku kumatalika, ndipo ndalama yomwe mwalipira sabweza, sasamutsiranso ku ofesi ina. Choncho tsegulani kaye webusaiti ya ofesi imene mukuiganizirayo, muwerenge nokha ngati ikulandira anthu onga inu. Osati zomva kwa mlamu wa mnzanu amene anapita mu 2022.

Ndipo ngati ndi dziko lachitatu, dzikolo nalonso lili ndi khomo lake. Ku Canada ambiri a ife timafunika viza ya Canada. Ku Mexico amalola munthu wokhala ndi viza ya America, inde, koma yamoyo. Yanu yatha, si ndiye mukupitira zimenezo? Ndiye yakufayo sikulowetsani. Pali bambo wina, sindimutchula, tinamuuza zimenezi, iye amvekere “ndinapitako kale ine.” Anam'bweza pa kauntala ya ndege asanaone n'komwe mpando wake.

Chabwino. Fomu yopemphera viza ija, DS-160, mukuidziwa, lembani, chithunzi, lipirani, viza ya H ndi madola 205. Chimodzi chokha, nambala ya pa tsamba lotsimikizira lija, la bakhodi, ikhale yomweyo imene mwagwiritsa ntchito posungitsa tsiku la intavyu. Mukalemba fomu ina pambuyo pake, kasintheni nambalayo. Mapepala: I-797 (kalata ya boma yovomereza H-1B yanu), kalata ya abwana yonena kuti mukadali pantchito, mapeyisilipu a miyezi yaposachedwa, W-2 (pepala la malipiro ndi msonkho la pachaka). Loya wa kampani adziwe kuti mukupita, asamve muli kale uko. Zimenezo n'zosavuta.

Chovuta... aaa, chovuta ndi ichi. Pasipoti imatsala. Ndikuti mukamaliza intavyu, ofisala akati zatheka, pasipoti samakubwezerani pawindo pompo. Amaitenga kuti akaikemo viza, mudzailandira patapita masiku. Ndiye inu muli m'dziko la eni, mulibe pasipoti m'manja, ndege yopita kunja simungakwere. Zikayenda bwino ndi masiku ochepa. Koma pali kapepala kena, amakatcha 221(g). Akakupatsani kameneko ndiye kuti sanamalize nanu, mwina akufuna pepala lina, mwina akufufuzabe, ndipo tsiku lomaliza sakuuzani. Palibe amene angakuuzeni. Loya sangakuuzeni, abwana sangakuuzeni.

Ine kanandipeza kameneko. Mzinda sindiutchula. Intavyu yake inali yaifupi kwambiri, mafunso awiri atatu, mumagwira ntchito yanji, kampani ili kuti, kenako kapepala kaja pansi pa galasi, tswee. Ndinatuluka nditanyamula kachikwama ka zovala za masiku ochepa, malaya awiri, ndikumachapa m'sinki ya kuhotelo n'kuyanika pa mpando. M'mawa uliwonse kutsegula webusaiti ya CEAC, yoonera pamene nkhani ya viza yafika, kulowetsa nambala ija, kuona mawu omwewo. Ndipo mawu ake, ndikuchenjezeni, amalemba kuti Refused. Mtima umagunda ukawaona. Pa 221(g) amalemba choncho ngakhale nkhani ikadali mkati, kenako amadzasintha. Koma chimene chinandisowetsa tulo si chimenecho ayi. Ndi masiku amene dziko lija linandipatsa polowa. Ankatha, ine ndikadali momwemo. Mwaona? Mukudikira viza ya dziko lina, uku chilolezo cha dziko limene mwaimamo chikutha. Ndiye polowa uko, yang'anani kuti akupatsani masiku angati, ndipo mudziwiretu kuti kuwonjezera amawonjezera kuti. Mudziwiretu, musanapereke pasipoti. Jambulaninso tsamba la chithunzi ndi tsamba la chidindo cholowera, pafoni ndi papepala, chifukwa wapolisi akakufunsani mumsewu muonetsa chiyani?

Ndiye tikiti, paja ndinayamba ndi tikiti eti... ayi sindinanene. Gulani yosinthika. Ikwere mtengo, gulanibe. Hotelo yoti mungathe kuwonjezera masiku. Mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, tengani a mwezi, osati a sabata. Ana akutsala ndi ndani, lendi alipira ndani mwezi ukatha musanabwere, ndipo abwana avomereza kuti mugwire ntchito muli kunja kapena ayi, funsani musananyamuke. Makampani ena salola laputopu yawo kutuluka m'dziko.

Wina afunsa, ndikudziwa, “nanga si pali lamulo lija loti ukapita ku Canada kapena ku Mexico masiku osapitirira 30 umabwerera ndi viza yakutha?” Lilipo, automatic revalidation. I-94 yamoyo, ulendo waufupi, umalowanso. Koma imvani bwino apa. Mukangopempha viza yatsopano muli uko, lamuloli silikukhudzaninso. Latha. Simunganene kuti andikaniza, ndiye ndibwerera ndi yakale ija. Ayi. Mnyamata wina wanzeru zake, wa makompyuta, anawerenga theka la lamuloli, theka linalo analisiya. Anasiya galimoto pamalo olipira a pabwalo la ndege, ati ndibwera Lamlungu. Galimotoyo anakaichotsa ndi anzake, iye atakwera ndege ya kwawo kukadikirira kumeneko. Tinamuuza, ndithu tinamuuza.

Pasipoti ikabwera, musathamangire kujambula n'kuika pa WhatsApp. Werengani viza ili m'manja, muli pomwepo. Dzina, tsiku lobadwa, mtundu wa viza, dzina la kampani, tsiku lothera. Chilembo chimodzi chikalakwika, kukonzetsa mukadali mumzindamo n'kosavuta kusiyana ndi mutaima pamzere wa pabwalo la ndege.

Eya, ndi china, ndikanaiwala. Pasipoti yanuyo yatsala ndi nthawi yaitali bwanji? Chifukwa mukamalowanso, ngati pasipoti ikutha I-797 isanathe, ofisala akhoza kukulemberani I-94 yothera tsiku la pasipoti. Inu mukuganiza kuti muli ndi zaka zitatu, pomwe anakupatsani miyezi isanu ndi itatu. Ndiye mukafika kunyumba, tsiku lomwelo, tsegulani webusaiti ya I-94 ya CBP, muone tsiku limene alemba, musindikize, mutumizire loya. Achemwali, nditumizireni kumbali tsiku lothera pasipoti yanu, tiyambire pamenepo.